Kuwerenga Akufa a Mtundu Wofafanizidwa: Kaundula wa Asilikali a Cikalmyk pa Nkhondo ya 1941 mpaka 1945

1. Mau oyamba

Nkhondo ikatha, maboma amalengeza ciwerengero ca asilikali amene anafa, ndipo ciwerengero cimeneco cimalowa m'mabuku a sukulu ngati cinthu cosakayikitsa. Komatu nambala iriyonse yotere iri ndi mbiri yake, pakuti pali munthu amene anailemba, cinenero cimene analembera, ndiponso fomu imene inamuuza zoti alembe ndi zoti asiye. Nkhani ino ikuunika kaundula wa asilikali a mtundu wa Kalmyk amene analembedwa usilikali m'gulu lankhondo la Soviet Union pa nkhondo yolimbana ndi Germany. Mfundo yathu ndi yakuti ciwerengero ca akufa a mtunduwu sicingapezeke mwa kuphatikiza manambala kokha ai, cifukwa vuto lalikulu lagona pa kalembedwe ka maina ndi pa magulu amene boma linaikamo anthu. Ici ndico cifukwa cake nkhani yooneka ngati ya akatswiri a masamu ndi a mbiri ya nkhondo ikukhudzanso ife ophunzira zinenero.

2. Akalmyk ndi dziko lao

Akalmyk ndi nthambi ya Amongolia a kumadzulo ochedwa Oirat. Makolo ao anacokera ku Dzungaria, pakati pa Asia, nafika kumunsi kwa mtsinje wa Volga, kufupi ndi nyanja ya Caspian, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600. Anali oweta ng'ombe, nkhosa, akavalo ndi ngamila, ndipo cipembedzo cao ndi Cibuda cofanana ndi ca ku Tibet. Mu 1771 anthu ambiri a mtunduwu anabwerera kum'mawa motsogozedwa ndi Ubashi Khan. Akalmyk a lero ndi zidzukulu za amene anatsala. Boma la Soviet linawapatsa cigawo codzilamulira mu 1920, ndipo mu 1935 cigawoco cinakwezedwa kukhala lipabuliki, likulu lake Elista.

Kalembera wa 1939 anapeza Akalmyk pafupifupi 134,000 m'dziko lonse la Soviet Union. Mwa iwo, pafupifupi 107,000 ndiwo ankakhala m'lipabuliki yao, imene anthu ake onse analipo 220,000 kapena kupitirira pang'ono. Manambala awa akutiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, theka la anthu a m'lipabulikiyo sanali Akalmyk; ambiri a iwo anali Arasha ndi Ayukireni. Caciwiri, mwa Akalmyk asanu alionse, mmodzi ankakhala kunja kwa lipabuliki, monga a ku mtsinje wa Don ochedwa Buzava, amene ambiri anali pansi pa cigawo ca Rostov. Cotero mau akuti "msilikali wa ku Kalmykia" ndi akuti "msilikali wa Cikalmyk" satanthauza munthu mmodzi yemweyo. Nambala imene imachulidwa kawirikawiri, yakuti anthu oposa 43,000 anapita ku nkhondo, ndi ya nzika za lipabuliki za mitundu yonse, osati ya Akalmyk okha.

3. Nkhondo ndi kusamutsidwa

Germany inaukira Soviet Union pa 22 Juni 1941. Akalmyk analembedwa m'magulu osiyanasiyana a nkhondo, koma kumapeto kwa caka cimeneco kunayambika nchito yopanga gulu lao la asilikali okwera pa akavalo, divishoni ya nambala 110. Mu Julayi 1942 gulu limeneli linateteza madooko a mtsinje wa Don pofuna kuti asilikali anzao amene ankabwerera m'mbuyo aoloke, ndipo linataya anthu ambiri. Kumeneko ndi kumene kunafera sajeni Erdni Delikov, amene mu 1943 anapatsidwa ulemu wa Ngwazi ya Soviet Union. Mu Ogasiti 1942 Ajeremani analanda Elista ndi mbali yaikulu ya lipabuliki, ndipo anakhalamo kufikira kumapeto kwa cakaco. M'miyezi imeneyo iwo anapanga gulu lao la okwera pa akavalo, momwe munalowa Akalmyk zikwi zingapo, amene pambuyo pake anathawa limodzi ndi Ajeremaniwo kulowera kumadzulo.

Boma la Stalin linasenzetsa mtundu wonse mlandu wa anthu ocepawo. Lamulo la pa 27 Disembala 1943 linathetsa lipabuliki ya Kalmykia, ndipo m'mawa mwake, pa 28 Disembala, asilikali a NKVD anayamba kukweza mabanja m'mabogi a sitima onyamulira katundu. Anthu pafupifupi 93,000, ambiri a iwo akazi, ana ndi okalamba, anatumizidwa ku Siberia, m'zigawo za Altai, Krasnoyarsk, Omsk ndi Novosibirsk, pakati pa nyengo yozizira koopsa. Dziko lao linagawidwa kwa zigawo za Astrakhan, Stalingrad, Rostov ndi Stavropol. Mu 1944 asilikali a Cikalmyk anayamba kucotsedwa pa bwalo la nkhondo. Oposa 3,000 a iwo, kuphatikizapo ovala mendulo za kulimba mtima, anatumizidwa ku msasa wa nchito ya kalavula gaga wochedwa Shiroklag, kukamanga damu la magetsi la Shirokovskaya pa mtsinje wa Kosva, m'cigawo ca Molotov cimene lero ndi Perm. Mazana a iwo anafera komweko ndi njala, kuzizira ndi matenda.

Ziletso zinayamba kucotsedwa mu 1956, caka cimene Nikita Khrushchev anadzudzula kusamutsidwaku m'mau ake a pa msonkhano wa 20 wa cipani. Cigawo codzilamulira cinabwezeretsedwa mu 1957, ndipo lipabuliki mu 1958. Kalembera wa 1959 anapeza Akalmyk pafupifupi 106,000, kutanthauza kuti m'zaka 20 mtunduwu unacepa ndi anthu 28,000. Nambala imeneyi yasakaniza ofera ku nkhondo, ofera ku Siberia, othawira kunja ndiponso kucepa kwa ana obadwa. Nchito ya wofufuza ndiyo kupatula gawo la asilikali m'mulu umenewu.

4. Mmene kaundula ankalembedwera

Gwero lalikulu la maina a akufa ndi malipoti amene magulu a nkhondo ankatumiza ku likulu, amene ambiri akusungidwa m'nkhokwe ya zolembedwa ya unduna wa citetezo ku Podolsk, pafupi ndi Moscow. Fomu yake inali ndi mizere ya dzina, udindo, caka ndi malo obadwira, ofesi imene inamulemba usilikali, tsiku ndi cifukwa ca imfa, malo a manda, ndiponso keyala ya m'bale. Nthawi zambiri munalibe mzere wa mtundu wa munthu. Mtundu unkalembedwa pa mapepala ena, monga opempherera mendulo, koma msilikali wofa m'masiku ake oyamba pa nkhondo analibe pepala lotere.

Ngakhale fomu yopereweredwayo sinkadzazidwa nthawi zonse. Mu 1941 ndi 1942 magulu athunthu ankazingidwa ndi kutheratu pamodzi ndi alembi ao ndi mabokosi a mapepala. Lamulo la unduna wa citetezo la mu Epulo 1942 linavomereza poyera kuti maina olembedwa m'kaundula sankaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ophedwa enieni. Kabotolo kakang'ono kosungiramo kapepala ka dzina, kamene msilikali ankayenera kuyenda nako, kanathetsedwa mu Novembala 1942, ndipo ngakhale kale ambiri sankakadzaza. Zotsatira zake n'zakuti anthu osawerengeka analowa m'gulu la "osowa popanda mbiri".

Apa pali mfundo imene iyenera kugwiridwa bwino. Popeza Akalmyk ambiri anacotsedwa pa nkhondo mu 1944, imfa zao zambiri zinagwa pakati pa 1941 ndi 1943, zaka zimene kaundula anali wosokonekera kwambiri. Mitundu imene inamenya nkhondo kufikira ku Berlin iri ndi gawo la akufa ake lolembedwa m'zaka za dongosolo labwino. Akalmyk gawo lotere ali nalo laling'ono.

Nkhondo itatha, maofesi olembera asilikali anayenda m'makomo kufunsa mabanja za abale amene sanabwerere, ndipo mayankho ao anathandiza kudzaza mipata ya m'kaundula. Koma pa nthawi imeneyo mabanja a Cikalmyk anali atamwazikana m'midzi ya ku Siberia, osaloledwa kucoka pa malo ao popanda cilolezo ca komandanti, ambiri osadziwa bwino Cirasha, ndipo mabanja ena anali atatha psiti. Msilikali amene mai ake ndi mkazi wake anafera m'sitima analibe womufunsira. Nazonso kalata zodziwitsa za imfa zinkapita ku keyala ya mudzi umene munalibenso mwini wake.

5. Nambala ya 4,000 ndi kumene inacokera

Mu 1993 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi mkulu wankhondo Grigori Krivosheev linafalitsa ciwerengero cakuti asilikali a Soviet Union amene anataika kotheratu anali 8,668,400. M'buku lao lina la mu 2001 muli ndandanda yogawa nambala imeneyi malinga ndi mitundu: Arasha pafupifupi 5,756,000, Ayukireni 1,377,400, ndipo kumunsi, Akalmyk 4,000. Nambala yomalizayi yabwerezedwa m'zolemba zambiri ngati kuti munthu wina anawerenga manda 4,000.

Sizinali conco. Popeza malipoti a imfa analibe mzere wa mtundu, akatswiriwo anatenga gawo limene mtundu uliwonse unali nalo m'ndandanda za asilikali amoyo pa masiku ena a 1943, 1944 ndi 1945, nagawa ciwerengero conse ca akufa molingana ndi magawo amenewo. Njira imeneyi njothandiza pa mtundu umene gawo lake silinasinthe kwambiri m'zaka zonse za nkhondo. Koma pa mtundu umene amuna ake anali atafa kale mwaunyinji mu 1941 ndi 1942, ndipo otsala anacotsedwa mu 1944, ndandanda za zaka zomalizirazo zikuonetsa okhawo amene anatsalira.

Masamu apafupi angatithandize kuona kukula kwa nkhaniyi. Anthu 4,000 ndi pafupifupi 0.05 peresenti ya 8,668,400. Koma Akalmyk 134,000 anali 0.08 peresenti ya anthu 170.6 miliyoni a m'kalembera wa 1939, kapena 0.07 peresenti ya anthu pafupifupi 196 miliyoni a mu 1941, maiko ena atalumikizidwa. Kukanakhala kuti mitundu yonse inataya mofanana, gawo la Akalmyk likanakhala pakati pa 5,900 ndi 6,800. Masamu amenewa si umboni wa ciwerengero ceniceni, pakuti wina angayankhe kuti kucotsedwa kwa mu 1944 kunapulumutsadi ena ku zipolopolo za caka comaliza. Cimene akuonetsa n'cakuti kungosintha muyeso woyambira kumasuntha yankho ndi anthu zikwi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kwa mtundu waung'ono conci kusiyana kotere n'kwakukulu. Njira yotsala ndiyo kuwerenga dzina ndi dzina.

6. Vuto la maina

Apa ndipo wa zinenero akulowera. Cikalmyk cinali ndi zilembo zakezake zochedwa Todo Bichig, zimene anakonza mmonke Zaya Pandita mu 1648. Mu 1924 boma linabweretsa zilembo za Cirasha, mu 1930 za Cilatini, ndipo mu 1938 linabwereranso ku za Cirasha. Mwamuna wobadwa mu 1915 anaona kalembedwe ka cinenero cake kakusintha katatu asanakwanitse zaka 25. Kunalibe kalembedwe kokhazikika kamene kalaliki wa usilikali akanatsanzira, ndipo kalalikiyo kawirikawiri anali wolankhula Cirasha, wolemba zimene khutu lake lamva.

Khutu limenelo linkakumana ndi maliwu acilendo. Alifabeti ya Cikalmyk ya lero iri ndi zilembo 6 zimene Cirasha ciribe, zitatu za mavawelo ndi zitatu za makonsonanti. Ndiponso mavawelo aafupi a m'maphatikizo otsatira loyamba amamveka mofooka kwambiri, kotero kuti kalembedwe ka lero sikawalemba n'komwe. Mlembi aliyense ankadzaza mipata imeneyo mmene waganizira. Dzina limodzi linkatuluka ngati Erdniev, Erdneev kapena Erdeniev; lina ngati Sandzhiev kapena Sanzhiev; linanso ngati Pyurbeev, Pyurveev kapena Purbeev. Munthu mmodzi angathe kuoneka katatu m'kaundula, ndipo wofufuza wosasamala angamuwerenge katatu.

Vuto lina ndi losemphana ndi limeneli. Maina ambiri a Cikalmyk anadza ndi Cibuda kucokera ku Citibeti ndi Cisansikiriti, ndipo ndi owerengeka: Badma ndi duwa la m'madzi, Erdni ndi mwala wa mtengo wapatali, Ochir ndi Dordzhi onse akunena ndodo yopatulika ya mphezi, Basang ndi Lacisanu, Pyurvya ndi Lacinai. Dzina la banja linkapangidwa poika -ov kapena -ev ku dzina la atate kapena la agogo. Cotero anthu osiyana ambiri ankakhala ndi dzina limodzi, caka cobadwa cimodzi ndi boma limodzi, pamene abale a mimba imodzi ankatha kukhala ndi maina a banja osiyana. Wofufuza wofulumira kufafaniza maina obwerezedwa angaphatikize anthu awiri kukhala mmodzi. Maina ophatikiza monga Erdni-Goryaev ankadulidwa pakati, theka lina n'kusanduka dzina loyamba.

Dzina palokha silikwaniranso kutsimikiza mtundu. Aburyat a ku nyanja ya Baikal nawonso ndi Amongolia a Cibuda, ndipo ali ndi maina onga Badmaev ndi Ochirov. Kumbali ina, Akalmyk obatizidwa m'chalichi ca Orthodox ankadziwika ndi maina a Cirasha. Ndipo mu 1944 ena anadzilembetsa ngati Akazakh kapena Aburyat, nthawi zina mothandizidwa ndi akuluakulu ao, kuti asacotsedwe pa nkhondo. Amene anafa pambuyo pake anafa ndi mtundu wobwereka. Nawonso maina a malo anasinthidwa: Elista inachedwa Stepnoy kufikira 1957, ndipo Lagan inachedwa Kaspiysky kufikira 1991. Maboma awiri akale, Privolzhsky ndi Dolbansky, sanabwezedwe ku Kalmykia, kotero wowerenga motsata malire a lero amasiya kunja anthu amene mu 1941 anali nzika za lipabuliki.

7. Wafa pa nkhondo ndani?

Ngakhale maina onse atalongosoka, funso la malire a gulu likhalapobe. Msilikali amene anamenya nkhondo ku Stalingrad, nacotsedwa mu 1944, nafa ndi njala ku Shiroklag, sali m'malipoti a imfa a gulu lankhondo, pakuti tsiku la imfa yake linamupeza ali m'manja mwa NKVD. Kwa unduna wa citetezo iye anali atatuluka kale m'buku. Kwa ana ake iye anapita ku nkhondo ndipo sanabwerere. Cimodzimodzi wogwidwa ukaidi ndi Ajeremani: wina anafera mumsasa wa akaidi, wina analowa gulu la adani pothawa njala, wina anapulumuka nakakhala ku Germany kapena ku United States, koma onse atatu angakhale pa mzere umodzi wa "osowa". Wofufuza ayenera kunena poyera amene wawerenga ndi amene wasiya, cifukwa manambala awiri osiyana angakhale oona onse ngati akuyankha mafunso osiyana.

8. Nchito ya dzina ndi dzina

Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi sinkakambidwa poyera. Mpata unatseguka ndi lamulo la mu Epulo 1991 lobwezeretsa ulemu wa mitundu yozunzidwa. M'zaka za m'ma 1990 Kalmykia inayamba kusindikiza mabuku a cikumbutso ochedwa Pamyat. Sanl, mau awiri, la Cirasha ndi la Cikalmyk, onse otanthauza kukumbukira. Kuyambira ca mu 2007 unduna wa citetezo wa Russia unaika pa intaneti zithunzi za malipoti a ku Podolsk m'nkhokwe yochedwa OBD Memorial, ndipo mu 2015 unatsegula ina yochedwa Pamyat Naroda. Akatswiri a ku Kalmyk Scientific Center ku Elista, mmodzi wa iwo Utash Ochirov, asandutsa ndandanda zimenezi kukhala matebulo a pa kompyuta, momwe munthu angasanthule zaka zobadwa, maboma ocokera, maudindo, nthawi ndi mtundu wa imfa.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti nambala iriyonse ingathe kutsatidwa kufikira pa pepala limene inacokera, ndipo colakwa cingakonzedwe. Koma kompyuta imangofananiza zilembo. Siidziwa kuti Erdniev ndi Erdneev angakhale munthu mmodzi pokhapokha wodziwa maliwu a zinenero zonse ziwiri aiuze malamulo ake. Siidziwanso mibadwo ya mabanja imene okalamba amaisunga pamtima. Mutu umodzi susenza denga: wa mbiri, wa masamu, wa zinenero ndi mwini mudzi afunika kukhala pa tebulo limodzi. Ndipo ciwerengero cotuluka pa nchito yotere ciyenera kumveka ngati malire a pansi, popeza cimawerenga okhawo amene dzina lao linafika pa pepala.

9. Phunziro kwa ife

Owerenga a kuno kwathu sangaone zimenezi ngati zacilendo. Cipilala ca ku Mbala, kumene kale kunkachedwa Abercorn, cimakumbutsa amtengatenga 1,467 a ku Northern Rhodesia amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, koma cimapereka nambala popanda maina. Lipoti la Commonwealth War Graves Commission la mu 2021 linavomereza kuti anthu osacepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Mbiri ziwirizi ndi zosiyana, ndipo sitikuzilinganiza pa kukula kwa masautso. Zikufanana pa njira yofufuzira: wofuna kupeza askari kapena mtengatenga m'mabuku a atsamunda adzakumana ndi dzina lolembedwa ndi khutu lacilendo, dzina la atate kapena la mfumu loikidwa m'malo mwa mfunda, ndiponso mudzi umene unasamuka kapena kusintha dzina. Maphunziro a maina, amene ena amawayesa kanthambi kakang'ono ka maphunziro a zinenero, ndiwo cida cacikulu pa nchito yotere.

10. Mau omaliza

Taona kuti kaundula wa asilikali a Cikalmyk anaonongeka pa zifukwa zinai zolumikizana: fomu yopanda mzere wa mtundu, imfa zogwa m'zaka za cisokonezo, kusamutsidwa kwa mabanja amene akanapereka umboni, ndi maina olembedwa m'cinenero ca eni ofesi. Taonanso kuti nambala ya 4,000 inacokera ku masamu ogawa, osati ku kuwerenga anthu. Boma limene linalemba amuna amenewa usilikali ndi lomwenso linafafaniza lipabuliki yao nkhondo iri mkati, ndipo mipata ya m'kaundula ndi cipsera ca zocita ziwirizo. Aphunzitsi amene amapatsa ophunzira manambala a mbiri yakale acite bwino kuwaphunzitsanso kufunsa kuti analemba ndani, m'cinenero canji, ndipo fomu yake inali ndi mizere iti. Ku Kalmykia tsiku la 28 Disembala limasungidwa caka ndi caka ngati tsiku lokumbukira osamutsidwa, ndipo nchito yobwezera msilikali aliyense dzina lake loona ndi mbali ya cikumbutso cimeneco.